Mkono wa Mayi Matilda

Lachiwiri, 12 Okotobala 1948

Andigoneka mumsasa wa nthomba kuseri kwa chipatala chathu, pafupi ndi Rivirivi. Udzu wa msasa uno ndinathandiza kufolera ndine mwezi wathawu, ndipo pamene ndinafolera mwaulesi ndi pomwe dzuwa likundilasira m'maso. Ndine Blasius, dresala womanga zilonda m'chipatala, komanso wotemera anthu katemera wa nthomba m'midzi ya kwa Nsamala. Ndalemba dzina chifukwa a Hudson, amene amayang'anira chipatala chino, akuti mutu ukhoza kusokonekera masiku akubwerawa.

Kutentha kwa thupi 103. Msana ukuwawa ngati ndasenza matumba a thonje tsiku lonse. Tiziphuphu tayamba pamphumi ndi m'kamwa. Asipilini awiri m'mawa, awiri madzulo. Kope ili ndi la mwana wanga Chester. Pensulo ndi ya a Hudson, akuti ndisabweze.

Sindikumvetsa. Anthu onse ndawatemerawa, nthomba n'kusankha ine.

Lachitatu, 13 Okotobala

102 m'mawa, 103 madzulo. Kumeza malovu ndi ntchito.

Misasa ilipo itatu, iwiri ya amuna, umodzi wa akazi ndi ana, yonse mkati mwa mpanda wa minga. Abale amaima kunja. Chakudya amasiya pa chitsa cha pachipata, kenako amakuwira odwala awo. Wotisamalira ndi mmodzi yekha, Mayi Matilda, amene kale ankasesa ndi kuchapa m'chipatala. Zodzitetezera zawo ndi beseni la madzi a kaboliki pachipata, mwinjiro woyera umodzi, ndi kansalu komanga pamphuno. Kansaluko amakatsitsira pakhosi akafuna kukalipira munthu, ndiye kuti kamatandala pakhosi.

Chimene akhalira okha ndi ichi. Kuno anthu amati nthomba ikalowa m'mudzi, mwamuna ndi mkazi asiyane mphasa. Amene wagona ndi mnzake ndi wotentha, ndipo akakhudza wodwala nthomba imabwerera mkati n'kumupha. Choncho abale amalola munthu wozizira yekha kugwira odwala awo. Amuna a Mayi Matilda anafera ku migodi kalekale, iwo sanakwatiwenso, ndipo dera lonse limadziwa. Pampandapo aliyense akuopa kuti wosamalira angaphe wodwala. Zakuti wodwala angaphe wosamalira sindinazimvepo.

Andipaka madzi a pamanganeti thupi lonse, ndafiira ngati mbatata. Ndinati andisunthire mphasa kumthunzi. Anati, "A Dresala, muno simulamula. Gonani."

Lachisanu, 15 Okotobala

Matuza atuluka kumaso, m'manja, ndi pansi pa mapazi. A Hudson anabwera, anaima pakhomo n'kundiyang'ana bwinobwino. Akuti anga ndi otalikirana, katemera amene ndinalandira ndili pasukulu ya mishoni wandithandiza ngakhale ndi wakale, ndichira. Mapilisi a salufa awiri katatu pa tsiku. Madzi a boriki m'maso.

Ndinafunsa za katemera wa mwezi watha. Antchito tonse tinatemerana pakhonde la chipatala, ndipo palibe amene mkono unatupa. Tinakondwa, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti mkono ukapanda kutupa ndiye kuti magazi ndi olimba kale. A Hudson anangoti, "Zimachitika, a Blasius," n'kupita kukasamba m'manja.

Pamphasa yoyandikana ndi yanga pali a Yotamu, mlimi wa thonje. Matuza awo alumikizana, nkhope yonse yasanduka chinthu chimodzi. Komabe akudandaula za munda wawo kuti sanasose. Alongo awo aakulu ndiwo mwini mpanda. Satopa kuima, mawu awo amafika kumtsinje, ndipo abale a odwala ena onse amamvera iwo.

Lamulungu, 17 Okotobala

Mafinya. Fungo. Pensulo ikundipweteka zala.

Sabina, mkazi wanga, anasiya phala pachitsa. Sindinamuone, ndangomva mawu. Ndamwa pang'ono.

Lachiwiri, 19 Okotobala

Kutentha kwatsika, 100. Mutu wabwerera, koma bola ukanakhala komweko.

Masana abweretsa khanda la miyezi isanu ndi mayi wake. Mayiyo ndamuzindikira. Mwana ameneyu ndinamutemera ndine kumayambiriro a mwezi watha, pansi pa mtengo wa mango, akulira kwambiri. Ndinapempha Mayi Matilda kuti andionetse mkono wake. Wosalala. Ngakhale kachipsera.

Khanda la miyezi isanu lingakhale ndi magazi olimba kale kuchokera kuti? Silinatemeredwepo, silinadwalepo. Ngati mkono wake sunatupe ndiye kuti katemerayo anali wakufa. Timachubu ta katemera timayenda ulendo wautali, ife timatibisa m'thunthu la nthochi lonyowa kumbuyo kwa njinga, koma kutentha kwa chaka chino nthochi yomwe ikuuma. Tinkatemera anthu ndi madzi chabe. Ndipo ifenso pakhonde paja tinatemerana madzi omwewo, n'kumayamikirana kulimba.

A Hudson atabwera madzulo sindinafunike kulankhula zambiri. Anali ataona kale mkono wa khandalo, nkhope yawo inali itagwa. Anati atumiza uthenga pa sitima ya mawa kupempha katemera watsopano. Ife enafe tili ndi zipsera za katemera wa paubwana, akutitetezako. Ndinafunsa za Mayi Matilda. Anawaitana, anawapempha kuti apinde mkono wa mwinjiro. Kumanzere kosalala, kumanja kosalala. Anakulira kutsidya kwa malire, kumene wotemera sanafikeko, ndipo katemera wawo woyamba pa moyo wawo anali uja wa pakhonde.

Milungu iwiri akutembenuza anthu a nthomba ndi manja awo, alibe kanthu kalikonse m'thupi kowatchinjiriza. Mtima wanga sukukhala pansi.

Lachitatu, 20 Okotobala

Ndakangana nawo m'mawa akundipaka mafuta.

Ndinati, "Mayi, tulukani muno lero. Mukadikire katemera kunyumba."

Anati, "Ndituluke, ndiye a Yotamu awatembenuza ndani? Inu?"

"Kuli Che Usumani."

Che Usumani ndi amene amatunga madzi a chipatala. Nthomba anadwala ali mwana, nkhope yawo ndi maenje okhaokha, ndipo munthu wotero siimugwiranso. Akhoza kugona pakati pathu osaopa kanthu. Mayi Matilda anaseka mpaka kansalu kaja kanagwa. "Che Usumani a akazi awiri aja? Wachiwiri angomutenga kumene mwezi wa Ogasiti. Mukawauze alongo awo a Yotamu kuti ameneyo ndi wozizira, ine ndidzamvetsere."

Ndinati ine ndine dresala, ndikudziwa zimene ndikunena. Anati iwo ndi amene agwira botolo la mafuta, nditembenuke. Ndinatembenuka. Koma ndawapangitsa kulonjeza kuti kansalu kazikhala pamphuno, ndiponso asamakutumule mabulangete. Alonjeza ngati mmene munthu amalonjezera mwana.

Mapilisi a salufa andisiyitsa lero. Matuza akumaso ayamba kuuma. Kuyabwa kwake ndiye kosanena.

Lachinayi, 21 Okotobala

A Hudson ayesa. M'mawa Che Usumani anavala mwinjiro, Mayi Matilda anauzidwa kuti akhale kunja. Che Usumani analowa mwaulemu, anapatsa anthu madzi, anatembenuza a Yotamu mofatsa kuposa mmene ndikanachitira ine.

Alongo aja atangoona, pampanda panabuka phokoso. Anati chipatala chafuna kuwaphera mlongo wawo. Che Usumani anapita pafupi, chipewa m'manja. "Walahi, amayi, chiyambireni nthendayi ine ndimagona pakhonde." Alongowo anati, "Usiku kwanu tilikoko ife?" Anthu ena anayamba kudula mitengo yopangira machira, akuti atenga odwala awo apite nawo kumidzi.

Zimenezo ndiye zoopsa kuposa zonse. Wodwala mmodzi akabwerera kumudzi kumene tinatemera madzi, mudzi wonse udzabwera muno. A Hudson anayesa kufotokoza, mawu awo anamira. Mayi Matilda sanadikire kuuzidwa. Anavula Che Usumani mwinjiro pamaso pa anthu onse, anauvala, analowa. Phokoso linatha pomwepo.

Agwirizana kuti Che Usumani azinyamula mabulangete kukawiritsa ndi kukumba manda, koma asakhudze munthu wamoyo. Ntchito ya pafupi ndi mpweya wa odwala yatsalira Mayi Matilda omwe aja.

Ndakwiya tsiku lonse, ndipo sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Loweruka, 23 Okotobala

A Yotamu atisiya mbandakucha. Matuza anali atada kuyambira Lachitatu, ine ndinadziwa, a Hudson anadziwa. Koma alongo awo akulira akuti, "Mwaona? Anawagwira munthu wotentha." Tsopano nkhani ya Che Usumani yafera pomwepo. Alongowo sanapite kwawo, ali ndi mdzukulu mumsasa wa ana.

Sitima yadutsa pa Balaka, katemera palibe.

Lamulungu, 24 Okotobala

Lero ndaganiza chinthu chimene chinali pamphuno panga. Munthu amene nthomba siingamugwirenso, amenenso mpanda wonse wamuona ndi maso kuti wagona yekha milungu iwiri, alipo. Ndine.

Ndinatuma Mayi Matilda kuti akafunse alongo aja ngati angandilole. Anabwera ndi yankho akuseka. Akuti, "Uyo ndiye wazizira ngati mtsuko. Koma asapite kwa mkazi wake ngakhale tsiku limodzi." Ndiye chatsala ndi kudzuka basi.

Ndayesa. Matuza a pansi pa mapazi ndi amene amachedwa, khungu lake ndi lolimba, ali mkati ngati minga. Ndinaponda pansi, ndinaona nyenyezi masana. Ndinafika pamzati wa pakhomo, kenako ndinagwera m'beseni. Mayi Matilda anandikokera pamphasa akunena kuti ndawawonjezera ntchito, ndipo sananame.

A Hudson akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati nkhonoyo ilibe munthu amene akupuma nthomba tsiku lonse chifukwa cha iyo.

Lolemba, 25 Okotobala

Kutentha 98. Nkhanambo zayamba kugwa kumaso ndi m'mikono. Timazisesa n'kuzitentha.

Ndadya zonse zimene Sabina anabweretsa, nandolo ndi chinangwa, ndapemphanso zotsala za munthu wina. Ndikufuna mphamvu, njala ndilibe. Ndamanga mapazi ndi nsanza zoviika m'mafuta, ndayenda mpaka msasa wachiwiri ndi ndodo. Pobwerera ndinakwawa.

Ndikungoyang'ana Mayi Matilda. Akakhala pansi, ndimafunsa ngati mutu ukuwawa. Akagwira m'chiuno, ndimafunsa za msana. Atopa nane. Akuti, "A Dresala, mukandiyang'ana choncho anthu a pampanda anena kuti mwatenthanso."

Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Khanda lija likuyamwa, mwina lipulumuka.

Lachiwiri, 26 Okotobala

Katemera wafika, m'bokosi la utuchi wonyowa. A Hudson anathamanga naye kuchokera ku siteshoni osaima ngakhale kunyumba kwawo. Woyamba kutemeredwa Mayi Matilda, pachipata pomwepo. Ndinapempha kuti ndiwatemere ndine, a Hudson anakana, anachita okha. Mikwasa itatu kumkono wamanzere, osatulutsa magazi. Awauza kuti asasambepo, akhale pamthunzi mpaka paume.

Mayi Matilda atachoka, ndinafunsa a Hudson ngati tafika pa nthawi. Anati ngati nthendayi sinalowe kale, kapena ngati yangolowa kumene, katemera aipitirira. Ngati inalowa kale, ndiye ayi. Palibe chopimira chimene chingatiuze. Tidikire.

Antchito ena onse atemeredwanso. Mawa a Hudson ayamba kubwereza midzi yonse imene ndinayendamo ine.

Lachinayi, 28 Okotobala

Ndavala mwinjiro. Ndi waufupi, ukulekera m'mawondo, odwala akuseka. Ndikuyenda ngati nkhuku yoponda pamoto koma ndikuyenda. Ndasambitsa anthu, ndadontheza boriki m'maso, ndamwetsa ana phala. Ntchito imeneyi sindinkaidziwa kulemera kwake. Kutembenuza mwamuna wamkulu amene khungu lake likumatirira kumphasa si zofanana ndi kumanga bandeji.

Mayi Matilda tawaika kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo. Sanapite kunyumba. Akhala pamenepo akundikuwira kuti uyo samwa madzi ozizira, uyo mumuyambire kumanzere. Ndinawakuwira kuti, "Mayi, muno simulamula." Anthu anaseka, iwonso anaseka.

Madzulo ano ndatopa mpaka mafupa, koma kwa nthawi yoyamba ndadya chakudya n'kuchimva kukoma.

Loweruka, 30 Okotobala

Mayi Matilda sanabwere pamtengo paja m'mawa. Che Usumani anapita kukaona. Anawapeza atafunda mabulangete awiri dzuwa lonseli.

104. Mutu, msana, kusanza.

A Hudson akuti katemera akamagwira amatenthetsanso thupi, tisathamange. Pamkono pafiira, payamba kutukusira. Ndikufuna kukhulupirira. Koma msana umenewo ndikuudziwa.

Lachiwiri, 2 Novembala

Tiziphuphu m'kamwa, pamphumi, m'manja. Tothithikana.

Tawagoneka mumsasa wa akazi, pakona pamene pali mphepo. Anakana machira, analowa okha pachipata atatsamira phewa langa. Alongo a malemu Yotamu anaima pomwe amaima. Kenako anafunsa ngati Mayi Matilda amadya nkhwani. Masana anasiya mbale pachitsa.

Asipilini, salufa, pamanganeti, boriki. Zonse zomwe zija. Ndikuwapaka ananena kuti, "Dzanja lanu ndi lolemera, a Dresala. Anthu munkawapweteka chonchi?" Ndinati ndiphunzira. Masiku awiri okha ndinawapumitsa, masiku awiri, mapazi awa akanandilola msanga.

Lachinayi, 4 Novembala

Alowa odwala atatu atsopano. Khanda lija latuluka ndi mayi wake. Sindikukhala pansi, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa ndikakhala mutu umayamba kuwerengera zinthu zimene sizingabwerere.

Matuza a Mayi Matilda akulumikizana kumaso. 103.

Loweruka, 6 Novembala

A Hudson anandipima thupi lonse m'mawa. Nkhanambo yomaliza ya kuphazi yagwa. Anati ndikhoza kusamba pamanganeti, zovala zitenthedwe, ndipite kwathu. Ananena akuyang'ana pansi, chifukwa akudziwa kuti alibe munthu wina.

Sabina anamva, anabwera ndi buluku lochapa ndi malaya, Chester ali pambuyo pake. Ndinaima mkati mwa mpanda, iye kunja. Aka kanali koyamba kuona nkhope yanga yatsopanoyi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Si zoipa kwambiri, abambo a Chester. Tiyeni."

Ndinamuuza kuti ndikangogona kwathu usiku umodzi, ngakhale nditagona kukhola la mbuzi, anthu awa sadzandilolanso kugwira munthu muno. Ndipo wina wolowa palibe.

Anati, "Ndiye mpaka liti?"

Ndinati sindikudziwa. Mpaka wina achire amene angakhale ngati ine, kapena mpaka nthenda ithe.

"Munda sunasosedwe. Mwana akufunsa tsiku lililonse."

Analira pang'ono, mwakachetechete, kenako anapinda zovala zija n'kuzibwezera m'dengu. Anati mawa abweretsa nyemba. Chester anandifunsa ngati ndamaliza kope lake. Mtima unandipweteka kwambiri pamene ankatembenuka.

Lolemba, 8 Novembala

Maso a Mayi Matilda atsekeka ndi kutupa. Madzi ndikuwamwetsa ndi kansalu, dontho ndi dontho. Mapilisi sakudutsa, ndikuwaphwanya m'supuni. Matuza ena a pachifuwa ayamba kuda. Ndaonetsa a Hudson. Tangoyang'anana.

Che Usumani saloledwa kuwakhudza, ndiye amakhala pakhomo la msasa akuwakupizira ndi tsamba la mgwalangwa lalitali. Palibe amene wawaletsa.

Lachiwiri, 9 Novembala

Masana ndikuwasambitsa mikono anatsitsimuka. Mawu ang'onoang'ono, ndinachita kuwerama.

"Ndani?"

"Ndine Blasius, mayi."

"Simunapite kwanu?"

"Iyayi."

"Chitsiru." Kenako anafunsa za mdzukulu wa alongo aja, ngati akudya. Ndinati akudya. Anafunsa ngati mabulangete awiritsidwa. Ndinati Che Usumani awiritsa.

Ndiye anayesa kukweza mkono wamanzere, unakanika. Anati, "Katemera uja. Watupa?"

Ndinayang'ana. Pakati pa matuza onse a nthomba panali thuza lake la katemera, lalikulu, lozungulira bwino, lolowa pakati, lofiira m'mbali. Chaka chonse chino sindinaone katemera wogwira bwino chotero.

Ndinati, "Watupa, mayi. Wagwira."

Anati, "Ndiye basi. Ndichira."

Ndinapitiriza kuwasambitsa.

Lachinayi, 11 Novembala

Atisiya dzulo dzuwa likupendeka. Che Usumani anakumba, ine ndinawakulunga. Anthu a pampanda anaimba nyimbo ali kunja komweko.

M'mawa uno alowa odwala awiri, ndiyenera kupita. Ndangofuna kulemba kuti pa zimene anandifunsa sindinawanamize. Mkono unatupadi.